Oyilo akutha ndipo m'madzi muli zonona, kodi ndi gasiketi basi?

Funso lafika kuchokera kwa achimwene ena a ku Mabvuku. Akuti: "Ndili ndi Toyota Wish ya 2004, 1.8, otomatiki. Oyilo akumatha, ndikathira kufika pa F (podzaza) pa dipisitiki, kandodo koyezera oyilo kaja, pakangotha masabata atatu ndimapeza ali pa L (pochepa), koma pomwe ndimaimika sindiona dontho. Sabata yathayi ndatsegula kabotolo ka madzi kaja ndapeza pamwamba pakuyandama zinthu zonona zofiirira ngati thobwa. Galimoto sikuwira ayi, inangotenthapo kamodzi pa mdipiti wa magalimoto mu Seke Road. Amakaniko anga angosuzumira nkunena kuti ndi gasiketi, titsegule hedi. December ndikufuna ndipite nayo kumudzi ku Mulanje ndi banja. Nditani?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa sipanala isanakhudze hediyo. Ine ndakhala pa ntchito ya mainjini zaka zambiri kuno ku Gazaland ku Highfield, ndipo mawu oti "ndi gasiketi" ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse, ambiri akuwanena asanayeze kalikonse. Sindikukana kuti ingakhale gasiketi, chimatiro chija cha pakati pa thupi la injini ndi hedi (mutu wovundikira masilinda) chimene chimaletsa oyilo, madzi ndi moto kukumana, ikhoza kukhala, makamaka poti mwanena kuti inatenthapo. Koma mmene mwafotokozeramu ine ndikukayikira kuti muli ndi matenda awiri osiyana amene angokumana mu galimoto imodzi, nde mukatsegula hedi musanawasiyanitse mutaya madola anu, mubwera kunyumba oyilo akuthabe komanso zonona zija zikubwerabe.

Choyamba choti muchite, ndipo ichi musachedwe nacho, ndi kudziwa ngati madzi alowa mu oyilo. Oyilo kulowa m'madzi ndi vuto inde koma limakupatsani nthawi, pomwe madzi kulowa mu oyilo kumapha injini masiku ochepa, chifukwa mabering'i a kiranki amayandama pa kaoyilo kopyapyala kwambiri ndipo akasakanizika ndi madzi, makamaka a coolant, mankhwala aja timathira mu radiyeta, chitsulo chimayamba kukhulana ndi chitsulo mpaka injini kunoka. Nde mawa m'mawa musanalize galimoto, itagona usiku wonse pamalo osapendekeka, solorani dipisitiki muyang'ane padzuwa. Oyilo wabwino ndi wa mtundu wa uchi kapena wakuda ngati wakhalitsa, koma osati ngati tiyi wamkaka. Onaninso ngati wakwera kupitirira pomwe munasiya, oyilo saberekana, akakwera yekha ndiye kuti pali china chalowamo. Kenako ngati muli ndi sipanala ikani beseni pansi, masulani bawuti ya sampu, chiwiya cha kunsi kwa injini momwe oyilo amakhala, pang'ono chabe osaichotsa, kuti padonthe madontho angapo. Madzi amalemera kuposa oyilo, galimoto ikagona amakhazikika pansi, nde ngati alimo ndi amene ayambe kutuluka. Njira ina imene timachita pagalaja, timadonthezera oyiloyo pa chitsulo chotentha, wopanda madzi amangofuka koma wamadzi amathetheka ngati mwaponya nsomba yonyowa mu chiwaya. Mukapeza zimenezi galimotoyo musailizenso, ikokedwe kupita kwa amakaniko.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaopseza anthu pachabe. Mukatsegula chivundikiro chothirira oyilo nkupeza kunsi kwake kwamata zoyera ngati phala, izo pazokha si umboni wa gasiketi. Galimoto imene imangoyenda pafupi, kukasiya ana kusukulu nkubwerera, injini osatentha mokwanira, imachita thukuta mkati makamaka June ndi July kukazizira kuno ku Harare, nde thukuta lija limasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo pachivundikiro. Pukutani, yendani ulendo wautaliko ngati kukafika ku Marondera nkubwerako, muonenso. Zikakhala zatha, linali thukuta.

Tsopano zonona za m'madzizo. Musamangoziyang'ana mu kabotolo ka galimoto, kapulasitiki kaja kanachita kale chikasu, kamanamiza maso. Injini itazizira, ndikubwereza itazizira chifukwa ndaonapo anthu atasupuka manja ndi kumaso potsegula radiyeta yotentha, tungani pang'ono muthire mu botolo la galasi loyera, muliike pawindo mpaka madzulo. Zimene zili mmenemo zisiyana zokha. Ngati zofiirira zija zakhazikika pansi ngati matope a mumtsinje ndipo mukazitikita pa zala zikumveka timchenga, limenelo ndi dzimbiri kapena ma coolant a mitundu yosiyana amene anasakanizidwa nkugwirana, si oyilo. Izi zimachitika kwambiri ndi ma ex-Jap athuwa, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, imabwera ndi coolant yofiira ya Toyota, wina athiramo yobiriwira, wina madzi a pamjigo, mapeto ake ndi thobwa lomwe mwanenalo. Koma ngati zayandama pamwamba, zoterera, ndipo mukadonthezera pa pepala zikusiya banga lonona losauma, ndiye kuti ndi oyilo ndithu. Apa funso limakhala loti, oyilo wake uti?

Pamenepa mpamene ambiri amaphonya. Galimoto yanu ili ndi oyilo wa mitundu iwiri amene amadutsa pafupi ndi madzi, wa injini ndi wa giyabokosi. Suzumirani kunsi kwa radiyeta, muona timapaipi tiwiri tating'ono tochokera ku giyabokosi tikulowa mu thanki ya pansi ya radiyeta. Mkati mwa thankiyo muli kachubu kachitsulo momwe oyilo wa giya, ATF uja wofiira, amadutsa kuti madzi amuziziritse. Kachubu kameneka kamakhala m'madzi moyo wake wonse, nde galimoto ya 2004 imene yakhala ikumwa madzi wamba zaka ndi zaka kamadyeka nkubooka, oyilo wa giya nkuyamba kuthawira m'madzi. Akasakanikirana amaoneka ofiirira motuwa, ena amati ngati yogati ya sitiroberi, koma madzi akakhala kale a dzimbiri mtundu umasokonekera nkumaoneka ngati oyilo wa injini. Solorani dipisitiki ya giyabokosi, pukutani pa kansalu koyera. ATF wabwino ndi wofiira woonekera, akakalamba amaderako, koma akakhala wa mkaka kapena wa thovu ndiye kuti madzi awolokera kale ku giya.

Chaka china kunabwera mayi wina ndi Corolla ya injini ngati yanu yomweyi, atachokera kugalaja ina kumene anawatsegulira hedi, kuisikima (kuipala kuti iwongoke), gasiketi yatsopano, ndalama zambiri ndithu zimene anachita kukongola. Patatha sabata zonona zinabweranso ndipo giya inayamba kuchedwa kugwira akaika pa D. Nditasolola dipisitiki ya giya inatuluka yotuwa ngati mkaka wothira juwisi, mayi aja ataima pomwepo atagwira pakamwa. Tinachotsa timapaipi tiwiri tija, tinatseka kamodzi, kwinako nkupopera mpweya pang'ono, thovu linayamba kubwadamuka pakhosi pa radiyeta pompo. Hedi inalibe mlandu kuyambira pachiyambi. Radiyeta tinasintha koma giyabokosi inali itapita kale chifukwa mapuleti a klachi a mkati mwa otomatiki akanyowa ndi madzi amamatuka, ndipo zimenezo sizibwerera. Zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa kuyeza kumene kukanawapulumutsa sikutenga ndi theka la ola lomwe. Nchifukwa chake ndikukakamira kuti muyambire pamenepo.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji zimalowera mbali imodzi, oyilo kupita m'madzi koma madzi osaoneka mu oyilo. Nkhani ndi puresha. Injini ikamayenda pampu imakankha oyilo ndi mphamvu ya ma bar atatu kapena anayi (bar ndi muyezo wa puresha), pomwe madzi amakhala cha pa bar imodzi, chivundikiro cha radiyeta chimalembedwa 0.9 kapena 1.1. Nde pakakhala kabowo pakati pawo wamphamvu ndi amene amalowerera mnzake. Koma mukazimitsa injini puresha ya oyilo imagwa nthawi yomweyo kufika pa ziro pomwe madzi akadali otentha ndi puresha yawo, apo zinthu zimatembenuka, madzi amayamba kulowa ku oyilo pang'onopang'ono. Choncho lero mukapeza oyilo ali bwino musati mwapulumuka, muziyang'ana m'mawa uliwonse mpaka vuto litapezeka. Kwa anzathu a makombi ndi ma pickup a dizilo amene akuwerenga nawo, inu muli ndi malo ena oyamba kukayikira, oil cooler ya injini imene madzi amaizungulira, imabooka chimodzimodzi ndipo imadzaza radiyeta ndi oyilo wakuda bii hedi ili bwinobwino. Ngakhale tisabise, mainjini ngati 1KZ ndi 2L-T amadziwika ndi kung'aluka hedi akangotentha.

Tibwere ku oyilo amene akuthayo. Kuchoka pa F kufika pa L ndi lita imodzi ndi kakusefukira, ndipo lita yonseyo ikanakhala kuti ikupita m'madzi bwenzi radiyeta yanu itadzaza phala lokhalokha, kabotolo kakusefukira, galimoto ikuwira tsiku ndi tsiku. Inu mwangoona zoyandama pamwamba. Nde oyilo wambiriyo akupita kwina, ndipo njira ndi ziwiri basi, akudonthera kunja kapena akupsa limodzi ndi petulo. Musadalire kuyang'ana pansi pomwe mumaimika, dothi limamwa, komanso kudontha kwina kumachitika pokhapokha injini ikuyenda oyilo nkumauluzika ndi mphepo. Tsukitsani injini, yalani katoni pansi usiku, ndipo pakatha masiku awiri muunike ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika, chifukwa oyilo amayenderera pansi ndipo pamene mwaona ponyowa sipamene wachokera. Pa injini yanuyi, 1ZZ-FE, malo amene ndimapeza kawirikawiri ndi gasiketi ya tapeti kava (chivundikiro cha pamwamba pa injini), ka switch ka puresha ya oyilo, silu ya kutsogolo kwa kiranki, ndi karabala kozungulira ka tensioner ya tcheni kuseri kwa injini mbali ya malamba, kameneka kamanyowetsa kumbuyo konse anthu nkumaganiza kuti ndi gasiketi ya hedi.

Koma ndikuuzeni zoona, ine ndalama yanga ndingaike pa maring'i. 1ZZ ya zaka zoyambirira imadziwika dziko lonse ndi kumwa oyilo. Pa pisitoni, kuseri kwa ring'i ya pansi imene imapala oyilo pakhoma la silinda, pali timabowo tobwezera oyiloyo ku sampu, nde pa mapisitoni akalewo timabowoti ndi tochepa ndipo timatsekeka ndi makala, ring'i nkumatirira mu mpata wake, oyilo nkumatsalira pamwamba ndi kupsa. Toyota inadzasintha mapisitoniwo cha m'ma 2005, yanu ya 2004 ili m'gulu lakale lija. Zimakula msanga ngati oyilo amachedwa kusinthidwa kapena ngati mumagula wa m'zigubu wosadziwika kochokera. Ndipo musadabwe kuti simuona utsi, catalytic converter, chotsukira utsi cha mu ekizozi, imabisa utsi wambiri. Pemphani munthu akutsateni pambuyo ndi galimoto ina. Utsi wa buluu mukaponda moto pachitunda, amenewo ndi maring'i. Utsi wa buluu pongoliza m'mawa kenako nkusiya, kapena mukatsika mtsetse wautali osaponda kenako nkuponda, amenewo ndi masilu a mavavu. Utsi woyera wochuluka wosatha ngakhale injini yatentha, wonunkhira motsekemera, amenewo ndi madzi akupsa ndipo apo gasiketi yayamba kukhala ndi mlandu. Musaiwale kavavu ka PCV pa tapeti kava, kotulutsa nthunzi ya mkati mwa injini, kotchipa, mukakachotsa nkukagwedeza kazilira ngati muli kamwala mkati, kakakhala chete kasintheni musanaganize zazikulu.

Nanga gasiketiyo tiidziwa bwanji osatsegula? Ilipo njira, ndipo makaniko amene akufuna kumasula hedi yanu ayenera akuonetseni chimodzi mwa izi ndi maso anu. Injini ili yozizira, chotsani chivundikiro cha radiyeta, dzazani madzi, lizani, muyang'ane pakhosipo. Thovu lapang'ono poyamba ndi mpweya wotsalira, koma thovu lotuluka mosalekeza ndi kuchuluka mukaponda moto ndi mpweya wa mu silinda ukudutsa pa gasiketi. Chizindikiro china, paipi yaikulu ya pamwamba kulimba gwa ngati tayala patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri injini isanatenthe nkomwe. Koma choyezera chimene ndimachikhulupirira ndi block tester, kachubu kokhala ndi mankhwala a buluu kamene timaika pakhosi pa radiyeta nkukoka mpweya, mukakhala utsi wa injini m'madzimo mankhwala aja amasanduka achikasu, pa dizilo amapita kobiriwira. Kenako mapulagi onse anayi atuluke ayalidwe motsatana, akuda onona akukuuzani za oyilo, koma imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yatsopano pakati pa zinzake zakuda ndiye kuti silinda imeneyo ikutsukidwa ndi nthunzi ya madzi. Mapulagi ali kunja choncho ayeze compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Pa 1ZZ yathanzi imakhala cha pa 13 bar, isatsike pansi pa 10, ndipo masilinda asasiyane kupitirira bar imodzi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo. Imodzi ikatsika nkukwera mutathiramo kasupuni ka oyilo, ndi maring'i. Chenjezo lake nloti ring'i ya oyilo ikhoza kumatirira compression ikuonekabe yabwino, nde nambala zabwino sizikutanthauza kuti injini sikumwa oyilo. Pomaliza apope puresha mu radiyeta ndi kapampu koyezera kufika pa nambala ya pa chivundikiro nkusiya, singano ikamatsika popanda podontha panja ndiye kuti madzi akuthawira mkati.

Zikapezeka kuti ndi gasiketidi, chabwino, tsegulani, koma ntchito yake ichitike yonse. Hedi ya aluminiyamu ikatentha imapindika, ipite ku engineering, kwa amisiri a makina okonzera mahedi, akaiyeze ngati ili yowongoka komanso ngati ilibe mng'alu, pa injini imeneyi kupindika kololedwa ndi 0.05 mm basi, maso sangaone zimenezo. Mabawuti a hedi ndi aja amatamuka pomanga, ayezedwe kapena agulidwe atsopano, ndipo amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, motsata ndondomeko ya m'buku osati ndi paipi yowonjezera pa sipanala. Gasiketi musagule yotchipitsitsa imene angakutulutsireni mu Kaguvi Street, funsani yabwino, kusiyana kwa mtengo nkochepa poyerekeza ndi kutsegulanso kachiwiri. Ndipo poti hedi yachoka kale, ngati mwatsimikiza kuti maring'i ndi amene akumwa oyilo, nthawi yotulutsa mapisitoni, kutsuka timabowo tija ndi kuika maring'i ndi masilu a mavavu atsopano ndi yomweyo. Chonde zothira mu radiyeta zoti zimamata gasiketi, kaya za m'botolo kaya dzira kaya ufa wa tsabola umene ena amakamba, zisiyeni, zimatseka timachubu ta radiyeta ndi ta hita, mukhala mwawonjezera vuto lachitatu.

Chilichonse chimene chipezeke, madzi amenewo atsukidwe kangapo mpaka atuluke oyera, kabotolo kachotsedwe katsukidwe pakokha, ndipo mufinye mapaipi onse chifukwa oyilo amafewetsa rabala, paipi imene yafufuma kapena yafewa ngati nthochi yakupsa idzakuphulikirani panjira. Madzi akalewo musataye pabwalo pomwe pamasewera ana kapena agalu, coolant imatsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Pothira atsopano, theka coolant theka madzi a distilled aja timathira mu batire. Madzi a pamjigo onani zimene amasiya mu ketulo yanu, zoyera zokakamira zija ndi zomwezo zimamata mkati mwa radiyeta. Komanso kuno ku Harare tili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, madzi wamba amawira cha pa madigiri 95 osati 100, nde chimene chimagwira madzi anu kuti asawire ndi coolant ndi chivundikiro cha radiyeta chogwira bwino puresha. Chivundikirocho ngati simunasinthepo, gulani chatsopano cha nambala yomweyo. Ndipo tsiku lija inatentha mu Seke Road lisangodutsa, galimoto yotentha pamzere koma osatentha pamsewu wautali nthawi zambiri ndi fani imene sikuzungulira pa nthawi yake. Ayang'ane fani, relay ndi waya wake, osati kuchotsa thermostat, kavavu kotsegulira madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha, ngati mmene ena amachitira, injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, imadya petulo, ndipo oyilo amada msanga, zomwe zimatsekanso timabowo ta pisitoni tija.

Za ulendo wa ku Mulanje ndinene mosabisa. Msewu wa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza si woyeserapo galimoto yokayikitsa. Kungofika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, Tete ndi kuchigwa cha Zambezi kumene December kumatentha koopsa, mukhala mwadzaza banja ndi katundu, AC ikuyenda, mzere pa boda, kenako chitunda chokwera ku Zobue. Injini imene ikungomwa oyilo koma madzi ake ali oyera, gasiketi yayezedwa ili bwino, imeneyo ndingakuloleni, mutenge malita angapo a oyilo mu buti ndipo muziyang'ana dipisitiki pa boda iliyonse. Koma imene mpaka lero simunadziwe kumene zonona zikuchokera, ayi achimwene, musaikemo ana. Ndipo ngati hedi kapena radiyeta igwiridwe, igwiridwe mu November kuti muyende nayo kaye masabata awiri atatu muno mutauni mukuyang'anira madzi, oyilo ndi singano ya kutentha. Mawa yambani ndi madipisitiki awiri aja ndi botolo la pawindo, mulembe makilomita a pa dashibodi tsiku limene mwadzaza oyilo pa F, nde mundiuze zimene mwapeza pamodzi ndi nambala zinayi za compression, tidzaone limodzi choti titsegule.